Aiptasia watidzadzira m'thanki, kodi butterflyfish ingandithandize?

Abale anzanga oweta nsomba za m'madzi amchere, ndagwira mwendo wanu. Ndili ku Namiwawa kuno ku Blantyre, ndipo thanki yanga ndi ya malita 300. Mwala wina umene ndinagula unabwera ndi Aiptasia, tizilombo tofiirira tija tooneka ngati timaluwa. Tinali tiwiri tokha. Ine n'kutipala ndi mpeni, osadziwa kuti kachidutswa kalikonse kotsala kamaphukanso. Lero tili mbwee pamiyala yonse, ndipo ma zoa (makorali ang'onoang'ono ofewa) amene ayandikana nato sakutsegukanso chifukwa cholumidwa. Mtima ukundiwawa, ndawasamala zaka ziwiri.

Ndikuganiza zoitanitsa copperband butterflyfish kuchokera ku Johannesburg, yakukamwa kwakutali ija imene imazula tizilomboti m'ming'alu. Koma ndikuopa. Nsombayi imavuta kudya, yambiri imafa ndi njala, komanso imatha kujompha ma clam (nkhono za zigoba ziwiri) ndi ma feather duster (nyongolotsi za m'nyanja zooneka ngati nthenga), amene ndili nawo atatu.

Alipo anaiwetapo kuno? Aiptasia atatha munkaidyetsa chiyani, poti mysis (tinkhanu todyetsera nsomba) wa mufiriji amaonongeka magetsi akazima? Kapena ndiyambe ndayesa peppermint shrimp (tinkhanu todya Aiptasia) ndi kubaya tizilomboti ndi kalkwasser (madzi a laimu)?