Tisoke chiyani pa tsiku lobadwa la mnyamata wathu?

Mayi ake: Mwadzuka bwanji nonse. Kwatsala masabata atatu kuti mnyamata wathu akwanitse zaka 12. Ndamuchotsa kaye pagulu pano kuti tikambirane momasuka, wina asakamunong'oneze. Chaka chino ndimati timupatse mphatso imodzi tonse, yopanga ndi manja. Achemwali avomera kusoka chidole, koma cha chiyani ndiye sitikudziwa.

Mayi aakulu: Makina ali pompano, singano ndasintha dzulo. Ingonditumizirani chithunzi. Koma musandibweretsere chinthu cha miyendo khumi.

Amalume: Apa palibe chovuta. Final Fantasy basi. Mwana ameneyu akabwera kwathu sadzuka pa gemu imeneyi mpaka ndichite kuzimitsa ndekha. Tisankhe pakati pa chocobo ndi moogle.

Agogo: Chiyankhulo chanji chimenechi ana inu?

Msuweni: Kkkk agogo, ndi tinyama ta mu gemu ya ku Japan. Chocobo ndi chimbalame chachikasu chonga nthiwatiwa, anthu amachikwera ngati hatchi. Moogle ndi kanyama koyera, konenepa, ka timapiko ting'onoting'ono kumsana ndi kampira kofiira kolendewera pamutu.

Amalume: Gemuyi inayamba mu 1987 ndipo pano yafika pa nambala 16, imene inatuluka mu 2023. Chosangalatsa chake, gawo lililonse limabwera ndi dziko lake, anthu ake ndi nkhani yake. Amene munawazolowera m'gawo lapita simuwapezanso. Koma tinyamati timabwerabe. Ukangomva kanyimbo ka chocobo kaja, ngakhale dziko likhale lachilendo bwanji, mtima umakhala pansi kuti ndafika. Chocobo anayamba kuoneka mu gawo lachiwiri mu 1988, moogle mu lachitatu mu 1990, ndipo onse awiri anachokera m'mutu mwa munthu mmodzi, Koichi Ishii.

Mayi ake: Achimwene ayambapo kalasi. Tinangofunsa za chidole ife.

Bambo ake: Alamu, ine ndili ndi ganizo lopepuka. Kaja kabuluu kooneka ngati dontho la madzi, komwetulira nthawi zonse. Kalibe miyendo, kalibe mapiko. Tsiku limodzi katha.

Mayi aakulu: Kameneko ndakakonda ndisanakaone.

Amalume: Ayi alamu, mwalowa nyumba ya eni. Ameneyo ndi slime wa mu Dragon Quest, gemu ina ya mu 1986, wojambulidwa ndi Akira Toriyama. Zoona makampani ake awiriwo, Square ndi Enix, anaphatikizana mu 2003, koma magemuwo ndi osiyana. Mwana wanu Dragon Quest sanaigwirepo. Adzathokoza mwaulemu kenako n'kukaponya pansi pa bedi.

Msuweni: Nanga tonberry? Kobiriwira, kovala mkanjo, kanyali dzanja lino, kampeni dzanja linalo. Kamayenda pang'onopang'ono kukulondola, kakangofika pafupi watha.

Agogo: Mpeni ayi. Mdzukulu wanga simumupatsa chidole cha mpeni ine ndili moyo.

Msuweni: Ndabweza mawu agogo.

Mayi aakulu: Ndaona zithunzi zimene wanditumizira kumbali. Kunena zoona chimbalamecho chindivuta. Khosi lalitali, miyendo yoonda, thupi lolemera. Ndikachiika thonje chizingogwa chafufumimba, pokhapokha ndichisoke chokhala pansi ngati nkhuku yofungatira, ndiye ulemu wake wathera pomwepo. Nthenga za kumchira nazonso ndi ntchito ya masiku.

Amalume: Zachisoni, chifukwa chocobo ndi amene ndinavutika naye kwambiri. Mu gawo la 7 la mu 1997 umachita kuwaweta, kuwadyetsa masamba, kuwathamangitsa pa mpikisano ku Gold Saucer, kenako kuwakweretsa mpaka utapeza wagolide amene amawoloka nyanja. Ndinataya tulo masabata angapo pa mbalame imeneyi.

Agogo: Ndiye kuja unkandiuza kuti ukuwerenga usiku?

Mayi ake: Kkkkkk zaululika patapita zaka zonsezi!

Amalume: Amayi, zakale zimenezo. Tibwerere ku chidole.

Mayi aakulu: Kanyama koyerako ndingakwanitse. Mutu waukulu, mimba yozungulira, manja ndi miyendo zazifupi. Koma pazithunzipa ndikuona mitundu iwiri. Kena kali ndi makutu aatali ngati kalulu ndipo kavala zovala, kena makutu aafupi, maso otsinzina, mphuno yaikulu. N'kamodzi kameneka?

Msuweni: Onsewo ndi ma moogle azakhali, amangosintha maonekedwe malinga ndi gawo. Wa makutu a kalulu ndi wa mu gawo la 12. Wotsinzinayo ndi wa mu 9.

Amalume: Sokani wa mu 9. Ndi gawo limene tikusewera naye panopa, la mu 2000. Mmenemo ukafuna kusunga pamene wafika, umayankhula ndi moogle, iye n'kutulutsa chibuku chachikulu n'kulemba. Mwanayu amaseka nthawi iliyonse akaona chibukucho.

Agogo: Koma kwenikweni ndi nyama yanji? Mphaka?

Amalume: Dzina lake la ku Japan ndi moguri, anaphatikiza mawu awiri, mogura ndi komori. Kunena kwake mfuko ndi mleme. N'chifukwa chake timapikoto ndi ta mleme.

Agogo: Mfuko ndi mleme pamodzi, n'kutuluka kokongola chonchi? Koma anthu ali ndi nthawi.

Bambo ake: Funso langa ndi kampira ka pamutuko. Kaima bwanji? Mukaika waya kumbukirani kuti mng'ono wake ali ndi zaka ziwiri, chilichonse amalowetsa mkamwa.

Mayi aakulu: Waya sindiika. Ndipinda kansalu kakuda kangapo, ndikasoke mothinitsa mpaka kalimbe ngati chingwe, kenako ndikalowetse mkati mwa mutu ndithu, osati kungomata pamwamba. Kampirako ndipanga ndi ulusi wolukira juzi kuti kapepuke. Kaziwerama pang'ono koma sikagwa. Maso ndipeta ndi ulusi wakuda, mabatani ayi, pa chifukwa chomwecho cha wamng'onoyo.

Amalume: Kuwerama ndiye bwino, mu gemu momwe kamagwedezeka akamayenda. Koma kakhale kofiira, achemwali, ndapota nanu. Musaike kachikasu poti ndi ulusi umene watsala.

Mayi aakulu: Inu achimwene, ndayamba kusoka musanadziwe kumanga zingwe za nsapato.

Msuweni: Ndili ndi ganizo. Mu gawo la 9 lomwelo ma moogle amalemberana makalata, amati Mognet. Wina amakupatsa kalata kuti ukapereke kwa mnzake wa m'tauni ina, ukafika amaiwerenga iwe uli pomwepo. Bwanji chidolechi chikhale ndi kachikwama, aliyense wa ife alembe kakalata kake tiikemo?

Mayi ake: Eeee, zimenezi ndiye zandigwira mtima. Mwana ameneyu sanalandirepo kalata yolemba pamanja chibadwire.

Amalume: Mwana wanga ameneyo! Ndipo muli moogle wina wapaulendo, Stiltzkin, amene umakumana naye malo osiyanasiyana atabereka katundu. Akangoona kachikwamako azindikira.

Mayi aakulu: Mwandionjezera ntchito, koma chabwino. Kachikwamako kakhala kakang'ono ngati chikhatho changa, ndiye makalata anu akhale a theka la tsamba, opinda kanayi. Achimwene, ndikunena inu. Mbiri ya kampani musalembemo.

Bambo ake: Tigawane. Nsalu yoyera yaubweya ndi thonje ndigula ine, ndibweretsa Loweruka.

Mayi ake: Ine ulusi wofiira, wakuda ndi kansalu kapepo ka mapiko. Makalata onse afike kwa ine pasanathe masabata awiri, kuti achemwali ayeze kachikwama ali nawo m'manja.

Msuweni: Ndisindikiza zithunzi zitatu, kutsogolo, kumbali ndi kumbuyo, kuti mapiko akhale pamalo pake. Ya agogo ndidzawalembera ine akamandiuza.

Agogo: Ndilemba ndekha, manja ndili nawo. Ungondibweretsera magalasi anga amene ndinaiwala kwanu.

Msuweni: Chabwino agogo. Chinanso, ma moogle akamayankhula amamaliza ndi mawu akuti kupo. Aliyense amalize kalata yake choncho.

Agogo: Kupo ndiye kuti chiyani?

Amalume: Palibe tanthauzo amayi, ndi kayankhulidwe kawo chabe.

Agogo: Ndiye ndilembe kuti Mulungu akudalitse mdzukulu wanga, kupo?

Mayi ake: Momwemo amayi kkkk. Koma abale, ndangokumbukira, madzulo amabwereka foni yanga ino. Ndikufufuta zithunzi zonse pompano, ndipo wina asatumizenso kanthu ikakwana 5 koloko.

Mayi aakulu: Musanafufute, kutalika kwake? Ndikuganiza masentimita 30, kuonjezera kampira.

Amalume: 35.

Mayi aakulu: 30. Thonje si lanu.