Za nyongolotsi ija: yankho ndalipeza

Ndinafunsa chifukwa chake nyongolotsi imafa msanga tikaifukula kudimba n'kuisiya padzuwa, pomwe chiwala chimangodumpha bwinobwino. Aphunzitsi ena a sayansi kuno ku Kasungu andimasulira, ndipo ndati nanunso mumve.

Nyongolotsi ilibe mapapo. Okosijeni amalowera pakhungu, koma amayamba wasungunuka m'chinyezi cha pakhungupo. Khungu likauma, mpweya sulowanso, basi yatha. Chimaithandiza n'choti ndi yowonda, magazi ali pafupi penipeni ndi khungu.

Pamene pandigwira mtima ndi apa: thupi likakula kawiri mbali zonse, khungu limachuluka kanayi, koma mnofu wofuna mpweya umachuluka ka 8. Ndiye nyama ikamakula, khungu limaperewera. Taganizani njovu 263 zija anazibweretsa ku Kasungu National Park kuchokera ku Liwonde mu 2022. Chithupi chonsecho sichingadalire khungu. Zimafunika mapapo odzaza timatumba tating'onoting'ono, ndi mtima wokankha magazi mpaka kumapazi. Ifenso anthu tili ndi timatumba totere mamiliyoni mazanamazana.

Chiwala nacho chili ndi njira yake. Mukachigwira, yang'anitsitsani m'mbali mwa mimba, muona timabowo. Mpweya umalowa pamenepo n'kuyenda m'timapaipi mpaka kumnofu, osadzera m'magazi, ndipo timabowoto timatsekeka kuti madzi asathe m'thupi.

Tsopano chikundisowetsa mtendere ndi mlamba wa mu Bua. Akuti uli ndi chiwalo m'mutu chopumira mpweya wapamtunda, n'chifukwa chake umapirira m'matope. Asodzi, mukautumbula chiwalocho mumachiona?