Kirediti khadi ya mapointi a ndege, nditenge kapena ndisiye?

Mayi wa ku Kabwata, Lusaka: Abale mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso ndipo ndikufuna kumva kwa amene anaigwiritsapo ntchito osati ongomva. Ku banki akhala akundiimbira foni kuti nditenge kirediti khadi, ati ndikamagulira zinthu ndizipeza mapointi ndiye mapointiwo nditha kugulira tikiti ya ndege kapena kulipira hotelo. Ine ndili pa ntchito koma ndimachitanso kabizinesi ka zovala ndi nsapato, ndimakaoda ku Dar es Salaam, nthawi zina ku Johannesburg, ndipo chaka chamawa ndikufuna ndikayese Dubai. Khadiyo ili ndi fizi ya pachaka. Kodi ndi yoti munthu atenge kapena angofuna kundilowetsa mu nkhongole?

Ankolo a ku Chelston: Mwanawanga ndiyambe ndakufunsa, pa mwezi ndi ndalama zingati zimene umalipira pa kamakina ka khadi? Osati zonse zimene umawononga ayi, zokhazo zimene umaswaipa. Yankho lonse lili pamenepo.

Mayi wa ku Kabwata: Ankolo mwina K7,000 kapena K8,000. Magolosale ku Shoprite, mafuta a galimoto, mayuniti a magetsi a ZESCO, DStv. Lendi ndimatumiza pa Airtel Money, alandilodi safuna zina. Ndiwo ndi makala ndimagula ku msika ndi kashi.

Ankolo a ku Chelston: Chabwino tiyeni tiwerengere limodzi, ine ndinapumira ntchito ku ma akaunti ndiye zinthu izi ndimazikhulupirira ndikaziona pa pepala. Tiyerekeze kuti pa K100 iliyonse akubwezera mapointi okwana K1. Ichi ndi chitsanzo chabe, iwe uone zimene alemba pa pepala lako. K8,000 pa mwezi ndi K96,000 pa chaka, ndiye mapointi ako akwana K960 chaka chonse. Chotsapo fizi ya pachaka ija. Chotsalacho sichikufikitsa ngakhale ku Ndola pa ndege. Tsopano tembenuza, tiyerekeze mwezi wina zinthu zavuta wasiya K5,000 osabweza ndipo intaresti ndi 3 peresenti pa mwezi, ndi K150 imeneyo mwezi umodzi, pamene mapointi a mwezi wonsewo anali K80. Ndiye ukangochedwa pang'ono chabe banki yatenga kale zonse zimene inakupatsa ndi zina pamwamba. Kuno kwathu kukongola ndi kodula, Bank of Zambia inakweza policy rate, intaresti imene mabanki amatsatira, kufika 14.5 peresenti mu February 2025, ndipo mabanki amakongoza pamwamba kwambiri pa pamenepo.

Achimwene a ku Woodlands: Ankolo masamu anu ndi oona koma mwangoonetsa mbali imodzi. Ine khadi ndili nayo ndipo sindinalipirepo intaresti, chifukwa ndinauza banki kuti izidula yonse pa tsiku la malipiro, osati ka minimum kaja, kandalama kochepa kamene banki imalola kubweza pa mwezi, ayi, yonse. Ukabweza yonse nthawi isanakwane palibe intaresti pa zogula, ndiye kuti wagwiritsa ndalama za banki masabata angapo mwaulere. Ntchito yanga ndi yoyendayenda, Solwezi, Mansa, Livingstone, ndimalipira ndekha tikiti ndi loji kenako ku ofesi amandibwezera, ndiye ndalama zodutsa pa khadi zimakhala zambiri ndipo mapointi amachuluka osatulutsa kanthu m'thumba mwanga. Mapointi amenewo anandithandiza kuchepetsa mtengo wa tikiti ya amayi pamene amapita kukaona mlongo wanga ku Cape Town. Ndiye musanene kuti ndi zopanda phindu.

Ankolo a ku Chelston: Sindinati zopanda phindu achimwene. Inu ndalama zikudutsa pa khadi si zanu, ndi za abwana anu. Mwanayu ndi zake.

Asisi a ku msika wa COMESA: Ine ndilankhule ngati wa bizinesi mnzako. Ku msika wa Kariakoo ku Dar ndani adzakulandira khadi? Kumene kuli katundu wotchipa amafuna kashi, ma shilling kapena dola, ndipo ukanena za khadi mtengo umakwera kapena amangokuuza kuti pita ku ATM. Manje ukatapa kashi pa ATM ndi kirediti khadi ndiye wadzipha wekha, intaresti imayamba tsiku lomwelo, pali chaji yotapira, ndipo mapointi sakupatsa pa ndalama zotapa. Basi ya ku boda ya Nakonde pa siteshoni ya Intercity ndi kashi kapena mobile money. Onyamula katundu pa Tunduma, mbali ya Tanzania, ndi kashi. Ma agent okuthandiza kuolotsa ndi kashi. Ndiye ndalama zazikulu za bizinesi yako, zija zikanakupatsa mapointi ambiri, sizidzadutsa pa khadi olo pang'ono. Ine ndalama ya ulendo ndimasunga mu chilimba, timasonkha ndalama n'kumapatsana mosinthana, tili azimayi a m'laini imodzi pa msika, ikafika nthawi yanga ndimanyamuka, palibe fizi ya pachaka.

Mayi wa ku Kabwata: Asisi apo mwanena zoona, ku Dar sindinaswaipepo kupatula ku hotelo. Koma Dubai si kosiyana? Ndimamva kuti kumeneko khadi imayenda paliponse.

Wa matikiti pa Cairo Road: Ndilowepo pang'ono chifukwa iyi ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndipo anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Pali mapointi a banki, pali ma miles a kampani ya ndege. Ma miles safuna kirediti khadi konse. Ethiopian ili ndi ShebaMiles, Emirates ili ndi Skywards, Qatar Airways ili ndi Privilege Club imene imawerenga mu mapointi otchedwa Avios kuyambira 2022, Kenya Airways inayambitsa Asante Rewards mu 2023, South African Airways ili ndi Voyager, ngakhale Proflight yathu ili ndi Mbasela Club. Kulembetsa ndi kwaulere, pa foni pomwepo, ndipo ukamagula tikiti umangopereka nambala yako, kaya walipira ndi kashi kaya ndi debit khadi ma miles amalowa. Zimandipweteka mtima kuona mayi amene wakhala akukwera Ethiopian zaka ndi zaka kupita ku Guangzhou kudzera ku Addis koma alibe nambala, ma miles onsewo anangotayika.

Ndipo china, Ethiopian ndi South African Airways zonse zili mu mgwirizano wa makampani a ndege wotchedwa Star Alliance, ndiye ulendo wa ku Johannesburg pa SAA utha kuulowetsa pa nambala ya ShebaMiles m'malo momwaza pang'ono uku pang'ono uko. Kungoti matikiti otchipitsitsa aja a promo amapereka ma miles ochepa, ena sapereka n'komwe, zimatengera class ya tikiti.

Tsopano pa kuombola tikiti ndi ma miles. Anthu amaganiza kuti tikiti ya ma miles ndi yaulere, ayi. Misonkho ya ma eyapoti ndi ma chaji ena umalipira ndi ndalama, ndipo pa maulendo ena gawo limenelo si laling'ono. Mipando ya ma miles pa ndege iliyonse ndi yowerengeka, December ndi nthawi ya Isitala imatha msanga, ndiye wa bizinesi amene amaganiza lero kuti Lachinayi ndinyamuke nthawi zambiri saipeza. Komanso ma miles amatha ntchito, a Skywards amafa pakadutsa pafupifupi zaka 3 ngati sunawagwiritse.

Mayi wa ku Kabwata: Eeh izi sindimazidziwa. Ndiye mapointi a bankiwo amasanduka ma miles kapena?

Wa matikiti pa Cairo Road: Zimatengera khadi yake amayi, ndipo limenelo ndi funso loyamba mukawafunse. Makhadi ena mapointi amapita ku kampani ya ndege, ena amangokhala ngati kwacha imene mumachotsera pa mtengo wa tikiti, ndipo ena amakukakamizani kugula kudzera pa webusaiti yawo pamene mtengo utha kukhala wokwera kuposa wa kwa ife kapena wa kampani ya ndege yeniyeniyo. Ngati ali mu kwacha kumbukirani kuti matikiti a kunja amatsatira dola. Mu 2020 dola inachoka pa K14 kufika pa K21 chaka chimodzi, kumayambiriro kwa 2025 inali cha m'ma K28. Wina amene amasunga mapointi a kwacha nthawi imeneyo amaona tikiti ikumuthawa iye akusunga.

Aphunzitsi a ku Matero: Ine sindikufuna kumva za mapointi, ndikufuna ndinene za mtima wa munthu. Mnzanga wa pa sukulu anatenga khadi ndi cholinga chabwino ngati chomwechi, miyezi yoyamba amabweza yonse bwinobwino. Kenako kunagwa maliro ku Katete, bokosi, thiransipoti, chakudya cha anthu, zonse anaswaipa chifukwa abale onse amadziwa kuti iye ndiye ali pa ntchito ku Lusaka. January mafizi a ana. Anayamba kulipira ka minimum kokha ndipo nkhongole simatsika, mwezi ndi mwezi sitetimenti ikubwera chimodzimodzi, mpaka anaphonya miyezi ingapo dzina linapita ku CRB kumene amasunga mbiri ya nkhongole za anthu, pamene amafuna loni yomalizira nyumba ku Chongwe anamukana. Munthu wosamala ndalama kwambiri, samwa, sachita za njuga. Vuto ndi lakuti ife mavuto a pachibale satipatsa notisi, ndipo ukakhala ndi limiti ya K20,000 m'chikwama sungauze amalume ako kuti ndilibe, mtima sulola.

Achimwene a ku Woodlands: Pepani za anzanuwo aphunzitsi, koma pa maliro omwewo akanapanda khadi akanapita kuti? Kwa a kaloba ku komboni, amene amafuna 30 kapena 50 pa 100 iliyonse mwezi umodzi ndipo amasunga chitupa chako cha NRC kapena TV. Khadi ndi yotchipa kuposa pamenepo.

Aphunzitsi a ku Matero: Zoona, koma akanapitanso ku village banking kwathu kumene timadziwana ndipo intaresti imabwerera kwa ife tomwe pogawana kumapeto kwa chaka. Ndipo funso la amayiwa silinali la maliro, linali la tikiti ya ndege. Ngati akufuna ya pangozi anene kuti ya pangozi, asadzinamize ndi mapointi.

Anti a ku Avondale: Ine ana anga ali kunja ndiye ndimayenda, ndinene zimene khadi imandithandiza zenizeni, ndipo si mapointi. Hotelo zambiri kunja ukafika amatsekereza ndalama ya dipoziti pa khadi, ikakhala debit ndiye kuti ndalama yako yeniyeni yagwidwa mpaka masiku angapo utachoka, pamene pa kirediti ndi limiti chabe imene yachepa. Obwereketsa galimoto ambiri safuna n'komwe debit. Ukalipira chinthu pa intaneti osachilandira, kudandaula kudzera ku Visa kapena Mastercard kumapepuka mtima chifukwa ndalama ya chakudya cha ana sinakhudzidwe. Makhadi ena amabwera ndi inshuwalansi ya paulendo ukagulira tikiti pa khadipo, koma muwerenge bwino, viza ya Schengen, yolowera maiko ambiri a ku Europe, imafuna inshuwalansi ya chipatala yosachepera 30,000 euro ndipo si khadi iliyonse imafika pamenepo. Za lounge, chipinda chopumiramo podikira ndege, pa eyapoti yathu ya KKIA kapena ku Addis ndi zabwino ukakhala ndi maola ambiri odikira, koma zimakhala pa makhadi a fizi yokwera.

Chimodzi ndikuchenjezeni mwana wanga, ku Dubai kapena ku Johannesburg kamakina kakakufunsani kuti mulipire mu ndalama iti, sankhani ya komweko, dirham kapena rand. Mukasankha ina amakusinthirani pa reti yawo yoipa. Ndipo banki yanu imaikanso kachaji pa chilichonse chogula mu ndalama yakunja, kachaji kameneko nthawi zambiri kamaposa mapointi amene mwapeza pa kugulako.

Asisi a ku COMESA: Anti ndiye mwavomereza nokha kuti mapointi palibe chimene akuchita kaili.

Anti a ku Avondale: Kwa ine ndi kabasela chabe asisi, ngati tomato mmodzi amene amakuikira pamwamba ku msika wa Soweto. Sungakwere minibasi kuchoka ku Avondale chifukwa cha tomato ameneyo.

Ankolo a ku Chelston: Mwanawanga ukapita ku banki usasaine tsiku lomwelo. Uwauze akulembere fizi ya pachaka, intaresti ya pa mwezi, chaji ya ndalama zakunja, chilango chochedwa kulipira, ndiponso pointi imodzi ndi ngwee zingati pogula tikiti ndi kuti imafa liti. Ufunsenso ngati mafuta ndi ZESCO zimapereka mapointi, chifukwa makhadi ena amachotsapo zinthu zina. Ubwere nalo pepalalo kuno tiwerengere. Akamazemba kukuuza mtengo wa pointi imodzi ndiye wadziwa kale.

Achimwene a ku Woodlands: Apo ndikugwirizana nanu ankolo. Ndipo ngati atenga apemphe limiti yaing'ono, yosapitirira theka la malipiro awo, banki ikafuna kukweza akane.

Mayi wa ku Kabwata: Zikomo nonse, mwanditsegula mutu. Mmene ndaonera ndalama zanga zambiri zimayenda pa kashi ndi pa foni, ndiye mapointi a K8,000 pa mwezi sangandifikitse ku Dubai, pakadali pano khadi ndiyamba ndaisiya. Pepalalo ndikatengabe Lolemba kuti ankolo aone, chifukwa nkhani ya dipoziti ya hotelo imene anena anti yandikhudza. Achimwene a matikiti, pa Dubai ndilembetse iti, Skywards kapena ShebaMiles?

Wa matikiti pa Cairo Road: Lembetsani zonse ziwiri amayi, n'zaulere. Emirates imapita Dubai osatsika kwina, Ethiopian mumasintha ndege ku Addis, ndiye nthawi yogula ikafika tidzayerekeze mtengo ndi makilo a katundu amene akulola, chifukwa kwa inu wa zovala makilo ndi ofunika kuposa ma miles. Dzina polembetsa mulembe ndendende mmene lilili mu pasipoti, likasiyana ngakhale chilembo chimodzi ma miles amakana kulowa.