Ulendo wa ku Georgia: matchalitchi, malinga ndi minda ya mphesa, tisiye ziti?

Mlendo Watsopano walemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse. Ine ndi mayi a kunyumba tikukonzekera ulendo wa ku Georgia, dziko la m'mapiri a Caucasus limene lili kum'mawa kwa nyanja ya Black Sea, osati chigawo cha ku America chimene chili ndi dzina lomweli. Chikutikopa ndi matchalitchi akale, malinga a nkhondo ndiponso madera olima mphesa. Tchuthi chathu sichikwana milungu iwiri, koma popeza dzikolo likuoneka laling'ono pa mapu, ndalemba kuti tikaone Tbilisi, Mtskheta, Kazbegi, Kakheti, Vardzia, Kutaisi ndi Svaneti. Mayiwa akuti ndachulutsa gaga m'diwa, ndipo ndayamba kuganiza kuti mwina akunena zoona. Inu amene mukulidziwa dzikoli, tisiye ziti? Nanga ndi mwezi uti wabwino, ndipo kodi n'chanzeru kubwereka galimoto n'kumayendetsa ndekha? Funso lomaliza n'lakuti mayi a kunyumba samwa vinyo ngakhale pang'ono, ndiye ndikuda nkhawa kuti ku Kakheti angakangotopa n'kundidikira.

Woyenda M'mapiri wayankha kuti:

Bambo, mverani mayi a kunyumba. Mapu sasonyeza mapiri monga momwe msana wa munthu umawamvera, ndipo ku Georgia mtunda umawerengedwa ndi maola, osati makilomita. Svaneti muichotse msanga. Nsanja zake zamiyala za ku Mestia ndi ku Ushguli n'zochititsa kaso ndithu, ndipo bungwe la UNESCO linaika deralo pa mndandanda wake wa malo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse mu 1996, koma kuchokera ku Tbilisi pa msewu mumatha pafupifupi tsiku lathunthu, pobwerera chimodzimodzi. Dera limenelo limafuna ulendo wakewake.

Malangizo anga ndi akuti mukhale ku Tbilisi, likulu la dzikolo, ngati pofikira panu, muziyenda kumpoto ndi kum'mawa kokha. Mumzindamo yambani ndi linga la Narikala, limene maziko ake ndi a m'zaka za m'ma 300, chifukwa mukaima pamwamba pake mumamvetsa chimene anthu analimangira pamenepo: mtsinje wa Mtkvari umadutsa pamalo opanikizika, ndipo amene wagwira phirilo wagwira njira. Kumunsi kwake kuli tchalitchi cha Anchiskhati, chakale kuposa zonse za mumzindawo, komanso cha Sioni, mmene amasungira mtanda wa Nino Woyera. Mtanda umenewu ndi wa nthambi za mpesa, ndipo anthu a kumeneko amati mayiyo anaumanga ndi tsitsi lake pamene ankabweretsa Chikhristu m'nthawi ya Mfumu Mirian. Ndatchula zimenezi kuti muone kuti kumeneko tchalitchi ndi mpesa sizinthu ziwiri zosiyana zimene mlendo angasankhepo chimodzi.

Mtskheta, likulu lakale, ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 basi. Kwerani kaye ku Jvari m'mamawa mabasi a alendo asanafike. Ndi tchalitchi chaching'ono chimene chinamalizidwa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 600, chili pamwamba pa phiri moyang'anizana ndi pamene mitsinje ya Aragvi ndi Mtkvari imakumana, ndipo matchalitchi ambiri a m'dzikomo anatengera kamangidwe kake. Kenako tsikirani ku tchalitchi cha Svetitskhoveli, chimene chinamangidwa pakati pa 1010 ndi 1029. Okhulupirira amati pansi pake panakwiriridwa malaya a Khristu, mafumu angapo anaikidwa m'menemo, ndipo chazunguliridwa ndi khoma lokhala ndi mipata yoomberapo mfuti, kotero kuti mukaona tchalitchi mwaonanso linga.

Msewu wopita ku Kazbegi, kumene tsopano kumatchedwa Stepantsminda, ndi wa makilomita pafupifupi 150, ndipo umatenga maola atatu kapena kuposerapo. M'njira muima pa linga la Ananuri, la m'zaka za m'ma 1600, m'mbali mwa damu la Zhinvali, kenako msewu umakwera mokhotakhota mpaka pa mpata wa m'mapiri wotchedwanso Jvari, mamita 2,379 pamwamba pa nyanja. Tchalitchi cha Gergeti, chimene mwachiona pa zithunzi zambiri, ndi cha m'zaka za m'ma 1300 ndipo chili pa mamita 2,170, kumbuyo kwake kuli phiri la Kazbek lopitirira mamita 5,000. Mukagone kumeneko. Phirilo limaoneka bwino dzuwa likamatuluka, masana nthawi zambiri limabisala m'mitambo, ndipo amene amapita n'kubwerera tsiku lomwelo kawirikawiri amangoona nkhungu.

Za kuyendetsa nokha sindikulimbikitsani. Kumeneko galimoto zimayenda kumanja, madalaivala amapitirirana ngakhale pokhota, ndipo msewu wa kumpotowu ndi umene magalimoto akuluakulu a katundu amadzera popita ku Russia. Minibasi zotchedwa marshrutka zimanyamukira pa siteshoni ya Didube ndipo n'zotsika mtengo, koma siziima pa Ananuri kuti inu mujambule. Kwa anthu awiri ndi bwino kugwirizana ndi dalaivala wa tsiku lonse, mtengo mukambirane m'ndalama ya lari musanakwere. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Juni, kapena Sepitembala mpaka kumayambiriro kwa Okutobala. M'nyengo yozizira mpata wa Jvari umatsekedwa nthawi zina chifukwa cha chipale chofewa.

Wokonda Mbiri Yakale wayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi achimwene amene andiyambiraku pa nkhani ya Svaneti, koma sindingavomereze kuti munthu amene wanena yekha kuti akufuna kuona malinga abwerere kwawo asanafike kum'mwera. Ngati pafunika kuchotsa china, chotsani Kutaisi, ngakhale ndikunena izi mtima ukuwawa, chifukwa pafupi ndi mzindawo pali Gelati, nyumba ya amonke imene Mfumu David IV anayambitsa mu 1106 ndipo inali sukulu yaikulu ya nthawiyo. Koma tchalitchi cha Bagrati, chimene ambiri amapitira ku Kutaisi, anachimanganso mwamakono kwambiri moti UNESCO inachichotsa pa mndandanda wake mu 2017.

Vardzia ndi nkhani ina. Ndi mudzi wa amonke wosemedwa m'thanthwe pamwamba pa mtsinje wa Mtkvari, wa zipinda mazanamazana zosanjikizana, zotambalala pafupifupi theka la kilomita. Ntchitoyo inayamba m'nthawi ya Mfumu Giorgi III ndipo inakula mu ulamuliro wa mwana wake wamkazi Tamar, amene analamulira kuyambira mu 1184 mpaka mu 1213, ndipo m'tchalitchi cha m'phangamo muli chithunzi cha awiriwa chojambulidwa pakhoma Tamar akali moyo. Chimene alendo ambiri sachizindikira n'chakuti mapanga amene amaoneka poyera lerowa sanali poyera. Anali obisika m'kati mwa phiri, ndipo ndi chivomerezi cha mu 1283 chimene chinagumula nkhope ya thanthwelo n'kusiya zipindazo zili pambalambanda. Muli mosungiramo vinyo, moponderamo mphesa, kasupe wa madzi ndi tinjira tapansi totsika ndi masitepe otsetsereka, choncho ngati wina mwa inu amavutika mawondo aganizirepo bwino.

Musanafike ku Vardzia mudutsa pa Khertvisi, linga lomangidwa pa thanthwe pamene mtsinje wa Paravani umathira mu Mtkvari. Kwa ine limeneli ndilo linga lenileni, lopanda zokongoletsa, limene likuonetsa poyera ntchito yake yotseka chigwa. La Rabati ku Akhaltsikhe, limene otsogolera alendo amalitama, analikonza kwambiri mu 2011 ndi 2012 mpaka likuoneka ngati lamangidwa dzulo. Ngakhale zili choncho ola limodzi simungadandaule nalo, chifukwa m'kati mwake muli mzikiti wa m'zaka za m'ma 1700 umene umakumbutsa kuti dera limeneli linakhala nthawi yaitali m'manja mwa ufumu wa Aturuki wa Ottoman. Malinga a ku Georgia samveka bwino munthu akaiwala kuti dzikoli linali pakati pa maufumu akuluakulu, Aperisiya kum'mwera chakum'mawa, Aturuki kum'mwera chakumadzulo, ndipo pambuyo pake Russia, imene inayamba kulimeza mu 1801.

Ulendo wa kum'mwerawu umafuna kugona usiku umodzi ku Akhaltsikhe kapena ku Borjomi. Ndikuchenjezeninso kuti madera a Abkhazia ndi South Ossetia sali m'manja mwa boma la ku Tbilisi, ndipo kulowa m'maderawo kuchokera ku Russia ndi mlandu pa malamulo a Georgia. Si malo oti mlendo akayesere mwayi.

Mayi Wodziwa za Mphesa ayankha kuti:

Ine ndiyankha za nkhawa yanu yomaliza, bambo. Mayi a kunyumba kwanu asadere nkhawa, ku Kakheti sakatopa, chifukwa matchalitchi ena abwino koposa ali komweko pakati pa minda ya mphesa ya m'chigwa cha Alazani. Alaverdi, pafupi ndi Telavi, ndi cha m'zaka za m'ma 1000, n'chotalika mamita pafupifupi 50, ndipo panalibe tchalitchi china chochiposa m'dzikomo mpaka pamene anamaliza cha Sameba ku Tbilisi mu 2004. Amonke a pamenepo amapangabe vinyo mpaka lero. Ku Gremi kunali likulu la ufumu wa Kakheti, limene asilikali a Shah Abbas wa ku Persia analiwononga cha m'ma 1615, ndipo chatsala ndi tchalitchi cha mu 1565 ndi nsanja yake paphiri. Sighnaghi ndi tauni yozunguliridwa ndi khoma la nsanja zoposa 20 limene linamangidwa m'nthawi ya Mfumu Erekle II, ndipo pafupi pomwepo, ku Bodbe, ndi kumene kuli manda a Nino Woyera.

Kapangidwe ka vinyo nakonso n'koyenera kukaona ngakhale kwa munthu wosamwa. Amagwiritsa ntchito mitsuko ikuluikulu yadothi yotchedwa qvevri, yooneka ngati dzira, ina yolowa malita oposa 1,000, imene amaipaka phula la njuchi m'kati n'kuikwirira pansi mpaka m'khosi m'chipinda chotchedwa marani. Akaponda mphesa amathira madzi ake pamodzi ndi makoko, njere, nthawi zina ndi timitengo take. Zikamawira makoko amayandama ndipo amawakankhira pansi kangapo pa tsiku, ndipo kuwirako kukatha amatseka pakamwa n'kumata ndi dothi. Nthaka ndi imene imasunga kutentha kuti kusasinthesinthe, ndipo kumunsi kosongoka ndi kumene nsenga zimadikha, vinyo wopanda nsenga n'kutsala pamwamba. Ku Kakheti amatsekula patapita miyezi ngati isanu kapena isanu ndi umodzi. N'chifukwa chake vinyo wa mphesa zoyera monga Rkatsiteli, Mtsvane ndi Kisi amatuluka wofiirira, wokhakhala pakamwa, wosafanana ndi vinyo woyera wa ku Ulaya, ndipo ena samukonda pa kulawa koyamba. Wofiira wotchuka ndi wa mphesa za Saperavi. UNESCO inavomereza luso limeneli ngati chuma cha chikhalidwe mu 2013, ndipo ofukula zakale anapeza zotsalira za vinyo m'mapale a mitsuko ya zaka pafupifupi 8,000 kum'mwera kwa Tbilisi.

Mafakitale akuluakulu ali ndi malo okongola olawirako, koma ine ndingasankhe marani ya banja, kumene mwini wake amakuonetsani mtsuko wake ndi dzanja lake. Mukapita kumapeto kwa Sepitembala mupeza nthawi yokolola, imene amaitcha rtveli, ndipo mayi akaona akazi akuviika mtedza wotungidwa pa ulusi m'phala la madzi a mphesa kupanga churchkhela, chimene chilibe mowa konse. Inuyo bambo muchenjere ndi chacha, kachasu wotchezedwa kuchokera ku makoko otsala, amene amabwera m'tambula yaing'ono koma ndi waukali kwambiri.

Mlendo Watsopano walembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Svaneti ndi Kutaisi tachotsa, ndipo tagwirizana zopita kumapeto kwa Sepitembala. Za Vardzia tikukambiranabe, chifukwa mayi a kunyumba amva za masitepe aja. Ndifunse chimodzi chotsala: tikaitanidwa ku chakudya pa banja, kodi kukana vinyo sikungaoneke ngati mwano? Nanga m'matchalitchi timavala chiyani?

Mayi Wodziwa za Mphesa ayankhanso kuti:

Si mwano ayi, bola anene pachiyambi pomwe. Pa phwando lawo, limene amati supra, pamakhala mtsogoleri wotchedwa tamada, ndipo ndi iye amene amayamba kulankhula mawu ofunira zabwino mtendere, makolo, amene anamwalira, ana ndi alendo, mmodzimmodzi. Mwano weniweni ndi kulankhula iye akulankhula, kapena kumwa iye asanamalize. Wosamwa amangokweza tambula yake pamodzi ndi anzake n'kuibweza pa tebulo, ndipo kawirikawiri akazi sakakamizidwa monga momwe amuna amakakamizidwira.

M'tchalitchi mayi afunde mpango kumutu ndipo avale siketi yopitirira mawondo, inu muvule chipewa ndipo musalowe ndi kabudula. Pamakomo ambiri pamakhala mipango ndi nsalu zobwereka, koma kutenga zanu kumapeputsa zinthu, makamaka ku Gergeti ndi ku Alaverdi kumene amonke sanyengerera pa nkhaniyi. Malo ena saloleza kujambula m'kati, choncho yang'anani chikwangwani kapena funsani. Ngati mungathe, mukafike ku Svetitskhoveli kapena ku Anchiskhati Lamulungu m'mawa kuti mukamve nyimbo zawo za mawu atatu zopanda choimbira chilichonse. Mipando ndi yochepa ndipo anthu amaimirira mwambo wonse, umene umatha kupitirira maola awiri, koma mlendo akhoza kuima chakumbuyo n'kutuluka mwakachetechete akatopa.