Laputopu yakale yaleka kulumikizana ndi intaneti titaikamo Windows 10

Mlembi wa ku Chiparamba:

Moni nonse. Ndine mlembi wa kagulu ka alimi a soya ndi mtedza kuno ku Chiparamba, ndipo ndikupempha nzeru pa laputopu imene timasungiramo mayina a mamembala ndi zolemba za malonda athu. Laputopuyi ndi yakale ndithu, tinaigula kwa munthu ku Chipata ili ndi Windows 7, ndipo itayamba kuchedwa kwambiri, mphwanga amene amadziwako za makompyuta anafufuta zonse n'kuikamo Windows 10 asanabwerere ku Lusaka. Makinawo tsopano akuyenda mopepuka, koma intaneti ndiyo yasowa. Kachizindikiro ka Wi-Fi kamene kankakhala m'munsi pafupi ndi nthawi sikakuonekanso, ndipo ndikatsegula hotspot pa foni yanga laputopu siikuona kalikonse, pamene foni ya amayi akunyumba imalumikizana nthawi yomweyo. Ena akundiuza kuti kachipangizo ka Wi-Fi kapsa, ena akuti ndibwezeretse Windows 7. Ndisanataye ndalama ya ulendo wa ku tauni, ndimati ndifunse ngati pali chimene ndingachite ndekha, chifukwa nyengo yogulitsa mbewu yayandikira ndipo ogula ambiri masiku ano amafuna kuti tiziwatumizira mapepala pa imelo.

Mmisiri wa ku Kapata:

Bambo mlembi, musabwezeretse Windows 7, ndipo musafulumire kukhulupirira kuti chinachake chapsa. Kachipangizo kamene kankagwira ntchito dzulo sikangapse chifukwa chakuti munthu waika Windows ina, ndipo pa malaputopu amene amabwera pa benchi yanga ndi dandaulo ngati lanuli, ochuluka amakhala kuti akungosowa driver. Driver ndi kapulogalamu kamene kamathandiza Windows kulankhulana ndi chipangizo chilichonse cha m'kati mwa kompyuta, monga mmene womasulira amakhalira pakati pa mfumu ndi mlendo. Mphwanu atafufuta zonse, ma driver akale anapita limodzi ndi Windows 7, ndipo ngakhale Windows 10 imabwera ndi ma driver ambiri, ena a zipangizo zakale sakhalamo.

Musanachite china chilichonse, yang'anani m'mbali ndi kutsogolo kwa laputopu ngati pali kaswichi kakang'ono, komanso pa mabatani a pamwamba, kuyambira F1 mpaka F12, ngati pali lina lojambulidwa kamlongoti kapena kandege, limene limadinidwa pamodzi ndi Fn. Malaputopu a zaka zimenezo ambiri anali nazo, ndipo zimazimitsa Wi-Fi mosaonetsa uthenga uliwonse.

Zikakhala kuti si zimenezo, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani devmgmt.msc, ndipo mutsegula Device Manager. Pamenepo muyang'ane pansi pa Network adapters ndi pansi pa Other devices. Mukaona mawu akuti Network Controller ali ndi kachizindikiro kachikasu, kondwani, chifukwa zikutanthauza kuti Windows ikukaona kachipangizoko, kungoti siikudziwa kuti n'kandani. Dinani pamenepo kawiri, pitani pa Details, sankhani Hardware Ids, ndipo muona mzere wokhala ndi VEN ndi DEV. Manambala otsatira VEN ndiwo amatchula kampani imene inapanga kachipangizoko: 8086 ndi Intel, 10EC ndi Realtek, 14E4 ndi Broadcom, ndipo 168C ndi Atheros. Izi n'zofunika chifukwa laputopu za dzina limodzi ndi nambala imodzi nthawi zambiri zimakhala ndi zipangizo za Wi-Fi zosiyana, moti kutsitsa driver potengera dzina la pachivundikiro lokha kumangothetsa bandulo.

Funso limene anthu amakakamira nalo ndi lakuti driver aitsitsa bwanji pamene intaneti yake kulibe. Njira yapafupi ndi chingwe chotchajira foni. Lumikizani foni ku laputopu ndi chingwe chimene chimanyamulanso mafayilo, osati chongotchaja, kenako pa foni mutsegule USB tethering. Windows 10 kawirikawiri imazindikira yokha njira imeneyi popanda kufuna Wi-Fi. Mukalowa pa intaneti, pitani pa Windows Update, fufuzani zatsopano, ndipo mutsegule View optional updates, pamene ma driver amapezeka. Akapanda kupezeka, pitani pa webusaiti ya kampani imene inapanga laputopu, ndipo ngati palibe wa Windows 10, wa Windows 8.1 kapena wa Windows 7 nthawi zambiri amagwira, bola agwirizane ndi Windows yanu ngati ndi ya 32-bit kapena ya 64-bit. Mapulogalamu amene amalonjeza kukupezerani ma driver onse mwaulere muwapewe, chifukwa ambiri amabwera ndi zinyalala zimene zidzachedwetsanso makinawo.

Mlembi wa ku Chiparamba:

Zikomo kwambiri, amisiri. Zinali monga mwanenera: kachizindikiro kachikasu kanalipo, nambala inali 168C, ndipo chingwe cha foni chathandiza moti driver walowa. Kachizindikiro ka Wi-Fi kabwerera, ndipo laputopu ikuona kachipangizo ka intaneti ka aphunzitsi amene tayandikana nawo nyumba, koma dzina la hotspot ya foni yanga silikuoneka pa mndandanda. Chinanso n'chakuti ngakhale pa chingwe pomwepo, masamba ena akukana kutseguka, ndipo Chrome ikulemba kuti kulumikizanaku si kwachinsinsi, nthawi zina n'kumanena za wotchi.

Mphunzitsi wa ku Katete:

Bambo, nkhani ya hotspot ija vuto lili pa foni, osati pa laputopu. Wi-Fi imayenda pa magawo awiri odziwika kwambiri, la 2.4 GHz ndi la 5 GHz, ndipo zipangizo zambiri za m'malaputopu akale zimamva la 2.4 GHz lokha. Mafoni atsopano ena amatsegula hotspot pa 5 GHz chifukwa ndi yothamanga, ndiye laputopu yanu siingaione ngakhale foni itakhala pamwamba pa kiyibodi. N'chifukwa chake foni ya amayi ikulumikizana, ndipo n'chifukwa chakenso kachipangizo ka aphunzitsi anzangawo kakuoneka. Lowani m'makonzedwe a hotspot pa foni, pezani pamene palembedwa AP band kapena Band, ndipo musankhe 2.4 GHz. Muli pomwepo, onaninso pa Security: ngati pali WPA3, sinthani kukhala WPA2, popeza zipangizo zakale siziidziwa WPA3, ndipo zimatha kukana mawu achinsinsi olondola ngati kuti mwalakwitsa. Kwa amene ali ndi iPhone yatsopanoko, batani lochita zomwezi limatchedwa Maximize Compatibility.

Ikadzalumikizana koma masamba osatseguka, musayambenso kukayikira driver. Tsegulani Command Prompt, kawindo ka mu Windows kolembamo malamulo, lembani ipconfig, ndipo muwerenge nambala ya IPv4, imene ndi adiresi ya laputopu pa netiweki. Ikayamba ndi 169.254, ndiye kuti laputopu sinalandire adiresi kuchokera ku foni ndipo yangodzipatsa yokha. Zimitsani hotspot n'kuyatsanso, kenako mulembe ipconfig /release ndi ipconfig /renew. Adiresi ikakhala yabwino, lembani ping 8.8.8.8, ndipo ngati mayankho akubwera koma mayina a masamba sakutseguka, vuto lili pa DNS, dongosolo limene limasandutsa mayina a masamba kukhala manambala a adiresi, ndipo mungalithetse poika 8.8.8.8 kapena 1.1.1.1 m'makonzedwe a netiweki.

Namwino wa ku Petauke:

Pepani kuti ndilowerere, ine si mmisiri, koma uthenga wonena za wotchi ndinauonapo pa kompyuta ya kunyumba. Bambo mlembi, yang'anani tsiku ndi chaka zimene laputopu ikuonetsa m'munsimo. Masamba otetezedwa, aja adiresi yake imayamba ndi https, amakhala ndi chiphaso chokhala ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera, ndiye kompyuta ikamaganiza kuti tili m'chaka china cha m'mbuyo, imaona ngati ziphaso zonse n'zabodza. Konzani tsiku ndi nthawi pamanja kaye, chifukwa kusiyana kukakula kwambiri Windows nthawi zina imalephera kudzikonza yokha, ndipo pa Time zone musankhe pamene palembedwa Harare, Pretoria, amene ali pa UTC+02:00 mofanana ndi ife kuno ku Zambia.

Mmisiri wa ku Kapata:

Amayi a ku Petauke alasa. Ndingowonjezera chimene chimachititsa kuti tsiku lizibwerera m'mbuyo. M'kati mwa laputopu muli kabatire kakang'ono kozungulira ngati kobiri, kawirikawiri ka mtundu wa CR2032, kamene kamasunga nthawi makina akazima. Pa laputopu ya zaka zoposa khumi kabatireka kamakhala katatha kale, kungoti sizionekera pamene batire lalikulu likadali ndi moyo. Tsono batire lalikululo likafooka, ndipo magetsi akazima monga amachitira masiku ano, wotchi imabwerera ku chaka china cha m'mbuyo. Mukakonza tsiku lero n'kupeza mawa lasokonekeranso, ndiye kuti kabatireko kakufunika kusintha. Si kodula, koma m'malaputopu ambiri kamakhala kokutidwa ndi pulasitiki ndi timawaya tiwiri, ndipo ena amafuna kuchotsa kiyibodi kuti ukafikire, choncho ntchito imeneyo yokha ndiyo mungabwere nayo ku tauni tsiku limene mwabwera kale kudzagula zina.

Za bandulo ndisaiwale. Windows 10 yongoikidwa kumene imatsitsa zinthu zambiri mwakachetechete, ndipo ikhoza kumaliza bandulo ya mwezi pa tsiku limodzi. Popeza driver walowa, pitani pa Network & Internet, tsegulani dzina la hotspot yanu, ndipo muyatse Set as metered connection. Ndinadikira dala kunena zimenezi chifukwa mukanayatsa poyamba, Windows ikanaleka kutsitsa driver amene mumamufunayo. Fayilo ya driver mukaipeza muisunge pa fulashi, pamodzi ndi zolemba za kagulu kanu.

Pali mfundo ina imene mphwanu akuyenera kuidziwa akadzabweranso. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo Chrome yomaliza kugwira pa iyo ndi ya nambala 109, n'chifukwa chake ndinakana zoibwezeretsa. Koma Windows 10 nayonso thandizo lake la nthawi zonse linatha pa 14 October 2025, ndipo laputopu ya msinkhu umenewo siikwanitsa zofunika za Windows 11, monga kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Pa makina osungirapo mayina a anthu ndi nkhani za ndalama, ine ndikanaganizira za Linux Mint, pulogalamu yoyendetsera kompyuta m'malo mwa Windows, imene ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina akale. Mwayi wanu ndi wakuti zipangizo za Atheros zambiri zimagwira pa Linux popanda kuvutika ndi driver, mosiyana ndi zina za Broadcom. Mungathe kuiyesa kuchokera pa fulashi osafufuta kalikonse, n'kuona ngati Wi-Fi ndi pulinta zikugwira.

Mlembi wa ku Chiparamba:

Ndathokoza nonse. Foni inalidi pa 5 GHz, ndipo nditasintha, laputopu yalumikizana. Chaka chinali cholakwika, ndakonza, ndipo imelo ikutseguka. Ndiona mawa m'mawa ngati tsiku likhale lolondola ndikadzayatsa. Za Linux Mint ndikufuna ndidziwe kaye ngati mafayilo athu a Excel adzatseguka bwinobwino, chifukwa zonse za mamembala zili mmenemo.

Mphunzitsi wa ku Katete:

Adzatseguka ndi LibreOffice Calc, imene imabwera kale m'kati mwa Linux Mint, koma muyese ndi kope la fayilo imodzi pamene mukuiyendetsa kuchokera pa fulashi, makamaka ngati mafayilowo ali ndi ma macro, timapulogalamu tochita ntchito zina tokha m'kati mwa Excel, chifukwa amenewo ndiwo nthawi zina sagwira mofanana.