Galimoto ya chikole yaphwanyika: tigulitse yathunthu kapena tiiphwasule?

Mlembi: Mamembala a banki m'khonde yathu, nayi nkhani ya galimoto ija imene mnzathu anaika chikole pa ngongole. Inawomba mtengo chakutsogolo kumanzere. Inshulansi yake ndi ya third party, yolipira okhawo amene wawaonongera, choncho kumeneko kulibe chobwera. Kuti tisasokonezane, ngongole yotsala pamodzi ndi chiwongoladzanja ndikuiwerenga ngati 100. Wogula zitsulo zakutha akupereka 45, pompopompo, kukoka n'kwake. Mwini galaja wina akuti 70, theka pano, theka pakatha miyezi iwiri. Tikugawana pakatha masabata 10, ndipo komwe yasungidwako akulipiritsa tsiku lililonse.

Msungichuma: Titenge 45 yooneka ndi maso. Yotsalayo tidule pa masheya a mwini galimoto tsiku logawana. Bokosi silingadikire lonjezo la munthu amene sali m'gulu.

Mwini galimoto: Mayi Msungichuma, ngongole sindikuikana. Koma 45 ndi kugulitsa ng'ombe pa mtengo wa chikopa. Injini ija ndi yabwinobwino. Ndikupemphanso kuti chiwongoladzanja chiime kuyambira tsiku la ngozi.

Makanika wa m'gulu: Achimwene, zoti injini ndi yabwino sitinganene pakamwa, tiiyese. Musailize kaye. Choyamba sololani chitsulo choonera oyilo: akakhala woyererako ngati wathiridwa mkaka, madzi alowa. Onani pansi ngati sampu, mokhala oyilo muja, yabooka, chifukwa injini ikapitiriza kulira oyilo atatayika, mabering'i amapsa m'mphindi zochepa. Chotsani mapulagi onse, ikani sipanala pa bawuti ya pule ya kilankishafuti, muizungulitse ndi manja kawiri. Ikazungulira mosagwira, yesani kompuresheni silinda iliyonse; zisasiyane kupitirira 10 peresenti. Muyang'anenso makutu amene injini ndi giyabokosi zimamangirirapo. Pa ngozi ya kutsogolo amathyoka kawirikawiri, ndipo khutu likathyokera pa buloko, mtengo wa injini umagwa kwambiri. Redieta, kondensa ya AC, fani, bampala ndi nyali ya kumanzere muziwerenge kuti zapita.

Wosunga kiyi wa bokosi: Ngati injini ili bwino, bwanji osangoikonza galimotoyo n'kuigulitsa ikuyenda?

Makanika wa m'gulu: Chimene chimapha galimoto yotere si injini, ndi chesesi, chimango chachitsulo chimene chimanyamula galimoto yonse. Tengani tepi muyeze mopingasa pansi pa boneti: kuchokera pa bawuti ya shokabuzoba ya kumanja kukafika kunsonga ya mkono wa chesesi wa kumanzere, kenaka mbali inayo chimodzimodzi. Miyeso iwiriyi iyenera kufanana. Owongola amangolola kusiyana kwa mamilimita ngati 3. Onaninso ngati zitseko zikutsekeka bwino, ngati denga lachita khwinya pamwamba pa chitseko, ndiponso ngati tayala la kumanzere labwerera m'mbuyo. Chimodzi mwa izi chikaoneka, kugunda kunadutsa mpaka m'kati mwa thupi. Kukoka ndi tcheni pa mtengo kumawongola maonekedwe chabe. Galimoto imadya matayala mbali imodzi, imakokera kumbali, ndipo chitsulo chopindidwa kawiri sichitetezanso munthu pa ngozi ina. Ma airbag awiri, matumba a mpweya oteteza anthu pa ngozi, anaphulika. Kubwezera amenewo kumafuna dashibodi, malamba a pampando amene anakoka n'kuuma, komanso kompyuta yake. Mukaphatikiza zonsezi mupeza kuti zaposa mtengo wa galimoto yoyenda ya mtundu womwewo. Gulu lisaikenso ndalama ina pamenepo.

Msungichuma: Ndiye mwagwirizana nane.

Makanika wa m'gulu: Pa zosakonza, eya. Pa 45, ayi mayi. Wa zitsulo akuwerenga makilo, koma akafika nayo kwake agulitsa masipeya. Injini, giyabokosi, kompyuta ya injini ndi kiyi wake zimagulitsidwa pamodzi, chifukwa kompyuta ndi kiyi zimadziwana. Mukazilekanitsa, wogula sangailize popanda kulipira wokonza pulogalamu. Katalitiki, choyeretsa utsi cha pa ekizozi, ili ndi zitsulo zodula za platinum, palladium ndi rhodium, ndipo imagulidwa payokha potengera nambala yolembedwa pa chitsulo chake. Batire, ngakhale lakufa, limagulidwa chifukwa cha mtovu. Kenaka alitaneta, sitata, kompuresa ya AC, zitseko zitatu zabwino, buti, nyali za kumbuyo, magalasi, mipando, malimu ndi matayala. Injini ikapambana mayeso, zonsezi zikhoza kufika pakati pa 85 ndi 100.

Wowerenga ndalama: "Zikhoza" ndiye vuto langa. Zimene zimathamanga ndi injini, nyali, zitseko ndi matayala, m'masabata oyambirira. Zinazo zimagona miyezi, mvula ikulowa, mabawuti akusowa, tina tikuyenda usiku. Thupi lopanda kanthu limatsala ndi makilo ngati 300 basi, ndipo popanda matayala kulinyamula kumafuna lole. Pa 85 mpaka 100 yanuyo chotsanipo kukoka, malipiro a womasula, ndi malo osungira. Komanso funso: ndalama ya sipeya iliyonse azilandira ndani? Pamenepa ndi pamene magulu amadanirana.

Wapampando: Funso labwino. Nanga 70 ya a galaja ija?

Mlembi: Ili ndi misampha iwiri. Galimoto ikalowa m'galaja mwawo n'kumasulidwa, chikole chathu chatha, tatsala ndi pepala. Wachiwiri, akufuna bulu buku ndi manambala ake. Ndiye kuti akufuna kuiwongola n'kuigulitsa, kapena kuika mapepalawo pa galimoto ina. Bulu buku ikapita dzina lisanasinthidwe, milandu ya pamsewu ndi china chilichonse chochitika ndi galimotoyo chimalondola amene dzina lake lili m'kaundula. Ngati tigulitsa kwa iwo, alipire zonse tsiku limodzi, dzina lisinthidwe ku ofesi yolembetsa galimoto, ndipo kalata ya malonda inene poyera kuti chesesi inapindika, ma airbag anaphulika. Kubisa zimenezo n'kupereka imfa kwa munthu wosadziwa, ndipo wogula ali ndi ufulu wobwera kudzafuna ndalama zake.

Mwini galimoto: Nanga chiwongoladzanja, a Wapampando? Palibe wandiyankha.

Msungichuma: Malamulo athu amati 10 peresenti pa mwezi mpaka ngongole ithe. Sanena za ngozi. Thumba la zadzidzidzi ndi la matenda ndi maliro, si la galimoto. Tikaimitsa kwa inu, mawa wa mbewu zoola adzapempha zomwezo.

Mboni ya ngongole: Mayi, ine ndinasainira ngongoleyi, choncho ikaperewera ifika kwa ine. Taganizani izi. Chikole si malonda: galimoto ikadali yawo, gulu silingagulitse kanthu popanda siginecha yawo. Koma akaipereka m'manja mwathu, liwiro la malonda likhala lathu. Si chilungamo kuti tizichedwa ndife, chiwongoladzanja chizikwera kwa iwo. Chiime tsiku limene asaine, osati tsiku la ngozi. Ndalama ikaposa ngongole, yapamwambayo ndi yawo. Ikaperewera, tidule masheya awo kaye ndisanakhudzidwe ine.

Msungichuma: Tsiku losaina ndikuvomera, bola lilembedwe m'buku kuti likhale lamulo la aliyense.

Mwini galimoto: Ndisaina. Koma pa mtengo wa injini ndi giyabokosi ndizikhalapo.

Wapampando: Mukhalepo. Tichite motere. Mawa galimoto ichoke komwe ikulipiritsidwa, ikakhale mumpanda wa membala. Makanika ayese injini ndi chesesi pamaso pa anthu atatu, ajambule zithunzi, alembe nambala ya injini ndi ya chesesi. A galaja tiwapatse masiku atatu: 70 yonse kamodzi. Akalephera, tiphwasule kwa masabata 6 okha, chotsala chipite kwa wa zitsulo, ndipo tikanene ku ofesi kuti galimotoyo yachotsedwa pamsewu. Sipeya iliyonse ikhale ndi risiti ya anthu awiri, ndalama ilowe m'bokosi pa msonkhano wotsatira. Palibe kubwereketsa sipeya, ngakhale kwa membala.

Makanika wa m'gulu: Womasula ayambe ndi waya wa negetivi pa batire, adikire mphindi 10 asanakhudze chilichonse cha mawaya achikasu a ma airbag, chifukwa ma airbag a m'mbali sanaphulike. Petulo atsitsidwe asanayandikize galayinda. Mapaipi a injini atsekedwe ndi pulasitiki kuti fumbi ndi madzi zisalowe. Matayala achoke pomaliza.

Wowerenga ndalama: Malipiro a womasula tigwirizane asanagwire sipanala. Ndipo asakhale makanika wathuyu, popeza ndi amene akuyesa ndi kuika mitengo.

Makanika wa m'gulu: Palibe vuto. Bweretsani mayina awiri pa msonkhano, gulu lisankhe.