Ndiwathandize bwanji anamwino anzanga amene mtima sunabwerere m'malo chithereni kolera?

Anzanga ogwira ntchito zaumoyo, ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani imene yakhala ikundisowetsa tulo. Ndine namwino woyang'anira anzanga pa chipatala china chaching'ono cha kuchigawo chakummwera, ndipo pa mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 n'kufalikira dziko lonse, tinkagwira ntchito usana ndi usiku m'tenti ya odwala, manja atasupuka ndi kolorini, tikusakasaka mtsempha woikapo dilipi pa mwana amene maso alowa kale m'kati. Namondwe wa Freddy atafika mu Marichi 2023, tinasowa ngakhale mpata wolira amene anatsirizikira m'manja mwathu.

Mliri unatha, koma anzanga awiri sanabwerere mwakale. Mmodzi, amene ankakonda kuyimbira odwala nyimbo powasambitsa, masiku ano amangokhala duu, ndipo anandiululira kuti akangomva fungo la kolorini mtima umamuthamanga, tulo osabwera. Winayo akukamba zosiya ntchito, ndipo ngakhale amadandaula za malipiro, chimene chimamuwawa kwambiri n'chakuti palibe anayamikirapo kudzipereka kwake. Ena akuti ndi ulesi, koma ine amene ndinali nawo m'tenti muja ndikuona anthu ovulala mumtima.

Kodi inu munatani m'zipatala zanu? Ndingawalankhule bwanji za kukaonana ndi aphungu a zamaganizo, monga a ku chipatala cha St John of God, popanda iwo kuganiza kuti ndikuwanena kuti mutu wasokonekera? Ndipo alipo kodi amene anayesapo kumakumana monga gulu kuti akambirane zimene anadutsamo, n'kuona kuti zathandiza?